Chithunzi cha Ubongo Sichinena Zonse

Tiyerekeze kuti mumsika wina wa m'tauni munali telala wa zaka 52. Kwa zaka zambiri dzanja lake lamanja linkadula nsalu osaphonya. Kenaka sizasi inayamba kumulemera. Kulowetsa ulusi m'singano kunayamba kumuvuta, ndipo kumanga mabatani a malaya ake omwe kunkamutengera nthawi. Sankamva kupweteka, dzanzi analibe. Koma mnofu wa pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala unali kuphwa, ndipo timinofu ta pamkono tinkanjenjemera tokha pansi pa khungu.

"Abambo, kumeneku si kutopa ayi," anatero mkazi wake. "Mwina ndi sitiroko ikuyamba. Tiyeni kuchipatala."

Abale anasonkha ndalama, telalayo n'kukalowa m'makina a MRI. Zotsatira zitabwera anamuuza kuti mu ubongo mulibe chotupa, mulibe magazi oundana, mulibenso chizindikiro cha sitiroko. Banja lonse linapumira m'mwamba. Koma dzanja linapitiriza kufooka, ndipo mkulu wake anagamula nkhani: "Achimwene, ngati makina aja sanaone kanthu, ndiye kuti izi ndi za anthu." Anayamba kuyenda mwa asing'anga. Telala mnzake wa shopu yoyandikana analozedwa chala, chibwenzi cha zaka zambiri n'kuthera pomwepo. Makina osokera amodzi anagulitsidwa.

Mwendo utayamba kukwakwaza, anabwerera kuchipatala. Ulendo uno anajambula khosi, ndipo chithunzi chinaonetsa kuti mafupa a m'khosi aperepeseka. Aliyense anakondwa kuti gwero la vuto lapezeka. Anamuchita opaleshoni, bala linapola, koma mphamvu sizinabwerere. Patapita miyezi ingapo, lilime linayamba kulemera ndipo madzi akumwa ankamutsamwa.

Pamapeto pake anaonana ndi dokotala wa matenda a ubongo ndi mitsempha. Dokotalayu sanathamangire zithunzi. Anafunsa mmene kufookako kunayambira ndi mmene kunafalikira. Anamuvula malaya n'kuyang'ana minofu, anamumenya ndi kanyundo kamphira pa bondo mwendo n'kudumpha mopitirira muyeso, anamuuza atulutse lilime n'kuona kuti lafota ndipo likunjenjemera. Kenaka anamuyeza ndi EMG, kumene ndi kubaya kasingano kopyapyala mu mnofu kuti amve mmene magetsi a m'thupi akuyendera. Anayeza pamkono, pamwendo ndi kumsana.

"Bambo, lilime limalamulidwa ndi mitsempha yochokera pamwamba pa khosi," anatero. "Mafupa a m'khosi aja sangalifooketse. Matenda anu ali m'maselo amene amalamula minofu."

Awa ndi matenda otchedwa motor neuron disease, mwachidule MND, ndipo mtundu wake wofala kwambiri ndi ALS. Dokotala wa ku France, Jean-Martin Charcot, anawalongosola ku Paris mu 1869. Amapha maselo a magulu awiri: amene amatenga lamulo kuchokera mu ubongo kutsika nalo mumsana, ndi amene amalilandira mumsanamo n'kulifikitsa ku minofu. Gulu loyamba likawonongeka, miyendo ndi manja zimauma. Lachiwiri likawonongeka, minofu imafota ndi kunjenjemera. Kawirikawiri wodwala amamva bwinobwino akakhudzidwa, ndipo maso amayenda monga kale. Matendawa sapatsirana. Mwa odwala 10 aliwonse, pafupifupi mmodzi amakhala kuti m'banja mwawo munalinso wina wodwala chimodzimodzi. Ambiri amamwalira pakati pa zaka 2 ndi 5 chiyambire zizindikiro, makamaka chifukwa minofu yopumira imafooka. Stephen Hawking, amene anamupeza nawo mu 1963 ali ndi zaka 21 n'kukhala moyo mpaka 2018, anali mmodzi mwa ochepa kwambiri otere.

Banja la telala linalakwa kawiri, ndipo gwero la zolakwa zonse ziwiri ndi limodzi: kuyesa kuti chithunzi ndiye chimagamula mlandu. Kujambula nyumba kungakuonetseni ming'alu ya khoma ndi denga lodontha, koma sikungakuuzeni ngati m'nthambo zake mukuyenda magetsi. MRI imaona bwino maonekedwe a ubongo ndi msana: chotupa, malo ophedwa ndi sitiroko, fupa lotsamira pa mitsempha. Maselo amene MND imapha ndi aang'ono kwambiri ndipo amatha pang'onopang'ono, kotero odwala ambiri, makamaka kumayambiriro, amatuluka ndi sikani yooneka yabwinobwino. Kumbali inayo, anthu ambiri opitirira zaka 50 akajambulidwa khosi kapena msana amapezeka ndi mafupa operepeseka ngakhale sakudwala kanthu. Madokotala a mitsempha amadziwa za odwala MND amene anachitidwa opaleshoni ya msana yosafunika chifukwa chithunzi chinaonetsa chinthu chimene sichinali gwero la kufooka kwawo.

Musamve ngati sikani ilibe ntchito. Ntchito yake ndi yaikulu, ndipo ndi yofufuza matenda ena ofanana ndi MND amene ambiri mwa iwo ali ndi mankhwala. Fupa la m'khosi lotsamiradi pa mitsempha limathandizidwa ndi opaleshoni. Chotupa cha mumsana chimatha kuchotsedwa. TB ya msana, imene kwathu kuno si yachilendo, imachira ndi mankhwala a TB. Ena amapezeka poyeza magazi ndi mitsempha: kachilombo ka HIV kamatha kuyambitsa kufooka kofanana ndi MND kumene kumachepa munthu akayamba ma ARV, ndipo matenda otchedwa multifocal motor neuropathy amafooketsa manja mofananamo koma amamva mankhwala. Enanso amadziwika pofunsa mafunso okha. Konzo, amene anapuwalitsa anthu ambiri m'chigawo cha Nampula ku Mozambique pa chilala cha 1981, amabwera chifukwa chodya chinangwa chowawa chosaviikidwa mokwanira. Amagwira miyendo yonse iwiri mwadzidzidzi, kenaka n'kuima pomwepo, pamene MND kawirikawiri imayamba mbali imodzi n'kumakwawa osaleka.

Ofufuza akuyesetsa kuti makinawa aziona MND yeniyeniyo. Pali njira ya MRI yotchedwa DTI imene imayeza mmene madzi akuyendera m'mitsempha yotsika kuchokera mu ubongo, ndipo mwa odwala ena pamaoneka kamzere kakuda m'dera la ubongo lolamula minofu chifukwa cha ayironi wounjikana pamenepo. Akuyezanso puloteni yotchedwa neurofilament, imene imachuluka m'magazi maselo a mitsempha akamafa. Njirazi zimasiyanitsa bwino gulu la odwala ndi gulu la anthu abwinobwino, koma sizinafike poti paokha zigamule za munthu mmodzi. N'chifukwa chake malamulo opezera matendawa, kuyambira a El Escorial a mu 1994 kufikira a Gold Coast a mu 2020, amatsamira pa kupima kwa dokotala, pa EMG, pa umboni wakuti kufooka kukufalikira, ndi pa kutsimikiza kuti palibe matenda ena.

Ngakhale m'mayiko a zipatala zapamwamba, wodwala amatha pafupifupi chaka asanauzidwe dzina la matenda ake. Joost van der Westhuizen, katswiri wa rugby wa ku South Africa amene anapambana chikho cha dziko lonse mu 1995, anamva dzanja lamanja likufooka mu 2008 n'kuganiza kuti ndi kuvulala kwakale kwa pabwalo. Matenda anatsimikizika mu 2011, ndipo anamwalira mu 2017 ali ndi zaka 45.

Wina angafunse kuti kudziwa msanga kuli ndi phindu lanji poti MND sichiritsika. Phindu lilipo. Mankhwala a riluzole, amene anavomerezedwa ku America mu 1995, amawonjezera miyezi ingapo ya moyo. Makina othandiza kupuma usiku amatalikitsa moyo ndi kupatsa tulo tabwino. Kachubu kodyetsera ka m'mimba kamaikidwa mosavuta munthu akadali ndi mphamvu zopumira. Wodwala amakonza za ana ndi chuma chake mawu asanathe. Ndipo ndalama zimene zikanathera kwa asing'anga kapena pa opaleshoni yosafunika zimagula njinga ya olumala, chakudya chofewa ndi chisamaliro cha pakhomo.

Tsono ngati inu kapena m'bale wanu akufooka dzanja, mwendo kapena lilime popanda kupweteka, ndipo kufookako kukungowonjezeka mwezi ndi mwezi, sikani yabwino isakutsekeni maso. Bwererani kuchipatala mukanene zimene zasintha, ndipo pemphani kuti akutumizeni kwa dokotala wa mitsempha. Akakuuzani za opaleshoni, funsani mwaulemu ngati chimene chaoneka pachithunzi chikufotokoza zizindikiro zonse, ndiponso ngati EMG ikufunika kaye. Musaloze munthu chala chifukwa makina sanaone kanthu. Lembani tsiku limene chizindikiro chilichonse chinayamba ndi mbali ya thupi imene chinayambira, n'kupita nazo kwa adokotala, chifukwa pa matenda awa mbiri imeneyo ndi umboni umene makina sangapereke.