ZA KAMPIRA NDI KANDODO PA MASEWERA A MFUTI

Anyamata ambiri a pa sukulu pano amadziwa masewera a mfuti a pa PlayStation ndi Xbox, pakuti pa chuthi amapita m'timanyumba ta masewera ku Limbe kapena pa misika ya kuno ku Chiradzulu, nalipira ndalama zao kuti asewere. Koma ndi owerengeka amene anaganizapo cifukwa cace kulasa mdani kumabvuta cotere. Ndifuna kufotokoza zimenezi, popeza muli phunziro la Sayansi m'kati mwace.

Pa padi, cija tigwira m'manja posewera, pali tindodo tiwiri timene Azungu amati thumbstick. Ka kumanzere nkoyendera, ka kumanja nkotembenuzira maso ndi mfuti. Tsono kandodoka sikauza makina kumene mufuna kuloza iai. Kangowauza liwiro lotembenukira. Mukakapendeketsa pang'ono, msilikali wanu atembenuka pang'onopang'ono. Mukakakankha mpaka kumapeto, azungulira msanga. Mukakasiya, sipuling'i ikabwezera pakati, iye naima. Ciri ngati kutunga madzi pa mpopi: mutsegula, muyang'anira ndowa, ndipo muyenera kutseka pa nthawi yace. Mukacedwa pang'ono madzi atayika, ndiko kuti mfuti yapitirira mdani, ndipo iye wakuombani kale.

Trackball ndi cinthu cina. Ndi kampira kolimba kokhala m'kadzenje, mbali yace yina iri poyera. Pansi pace pali kadiso kowerenga mtunda umene kampirako kagubuduzika. Mukakagubuduza utali wa cikhadabo, mfuti isuntha pang'ono. Mukakagubuduza kawiri utali womwewo, isuntha kawiri. Mukakagwira ndi cala, iima pomwepo. Apa cala cilamulira mtunda, osati liwiro. Ndiko kuthira madzi ndi cikho: zikho zitatu ndi zitatu basi, palibe kudikira. Amene anakula ndi legeni adzamva msanga cimene ndinena, pakuti polasa njiwa dzanja lipita lokha kumene diso lapenya.

Cida cimeneci ncakale koposa m'mene tiganizira. Ralph Benjamin anacipanga ku Britain mu 1946 cifukwa ca makina a radar a zombo za nkhondo, ndipo boma linacisunga mwacinsinsi. Mu 1952 akatswiri a ku Canada anapanga cao, nagwiritsa nchito mpira wa masewera a bowling. Kampani ya Atari inacitengera ku masewera, pa Football mu 1978 ndi pa Missile Command mu 1980. Tindodo ta cala cacikulu tinachuka pambuyo pace, ndi Nintendo 64 mu 1996 ndi DualShock ya Sony mu 1997.

Nanga ngati kampira kalasa bwino, bwanji sikanapambane? Opanga masewera anaona bvuto la kandodo, koma m'malo mosintha padi anaphunzitsa makina kuthandiza wosewera. Masewera a Halo, a mu 2001, ndiwo anachukitsa nzeru imeneyi: mfuti ikafika pa mdani, makina acepetsa liwiro lace kuti isapitirire, ndipo cipolopolo cophonya pang'ono amaciwerenga ngati calasa. Comweco mnzathu akamadzitama usiku ku malo ogona kuti ali ndi diso la nkhwazi, tidziwe kuti gawo lina la ulemuwo ndi la makina. Ndiponso kandodo kali ndi ubwino wace. Poyenda mtunda wautali kapena poyendetsa galimoto mungokakankha nkukhala, pamene kampira muyenera kukagubuduza kosaleka mpaka cala ciwawa. Kampani ya Valve inayesa kuyanjanitsa ziwirizi mu 2015, ndi padi yokhala ndi kabwalo kokhudza ndi cala kamene kamatsanzira kampira, koma padi imeneyo analeka kuipanga mu 2019.

Wofuna kuyesa adziwe ici: PlayStation kapena Xbox iyesa trackball ngati mouse, ndipo si masewera onse amalola mouse. Fortnite imalola, Call of Duty: Modern Warfare ya mu 2019 nayonso. Alipo ena amene amagula kabokosi konamiza makina kuti kampira ndi padi, kotero kuti alasa bwino nalandiranso thandizo lija la ofooka. Eni ace a Call of Duty anayamba kugwira ndi kulanga otere mu 2023. Ine ndibvomereza, pakuti sindiona kusiyana kwace ndi kulowa m'mayeso ndi likasa m'thumba.

Kwathu kuno kuli nkhani yinanso, ndiyo fumbi ndi ndalama. Kandodo kakatha m'kati, msilikali ayamba kutembenuka yekha popanda womkhudza, ndipo mwini nyumba ya masewera ayenera kufuna mmisiri kapena kugula padi yina. Kampira nako kamadana ndi fumbi, thukuta ndi mafuta a zitumbuwa, koma kameneka mungokacotsa, kukapukuta ndi nsaru, nkukabwezera.

Ndikadakhala wopanga mapadi, ndikadasiya kandodo kumanzere kuti tiyendere, nkuika kampira kumanja kuti tilasire, ndipo pamwamba pace ndikadaika kacibvundikiro cifukwa ca fumbi la mwezi wa Okotobala.