Phunziro la Kayendetsedwe ka Ntchito: Magulu Asanu ndi Mapepala Ake

Phunziro la lero talembera anthu a mitundu iwiri. Oyamba ndiwo anyamata ndi asungwana amene akugwira ntchito m'mabungwe a chitukuko kuno ku Mangochi, ku Monkey Bay, ku Namwera ndi ku Makanjira, nafuna kulemba mayeso a ukatswiri woyendetsa ntchito. Achiwiri ndinu a m'makomiti a parishi, a sukulu ndi a mijigo, amene anthu amakusungitsani ndalama za thukuta lawo. Tonsefe taonapo makoma amene analekera pa mawindo namera udzu, ndalama zitatha, woyankha palibe. Kawirikawiri pa malo otere sipanadze wakuba ayi. Panasowa dongosolo ndi pepala.

Kodi polojekiti n'chiyani?

Ntchito ina ndi ya masiku onse, monga ya msodzi amene amapita panyanja usiku uliwonse kukapha usipa. Ntchito ina ili ndi tsiku loyambira ndi tsiku lothera, ndipo ikatha imasiya chinthu chimene kale panalibe, monga kusema bwato, kukumba mjigo kapena kumanga sukulu. Yachiwiriyi ndiyo polojekiti. Kumanga mlatho wa Bakili Muluzi pa mtsinje wa Shire, ndi thandizo la dziko la Japan, inali polojekiti. Kuusamala lero ndi ntchito ya masiku onse.

Bungwe la Project Management Institute linayamba ku America m'chaka cha 1969, ndipo mu 1984 linayambitsa mayeso otchedwa PMP, amene amalemba anthu oti atsogolerapo ntchito kwa zaka zingapo. Oyamba kumene ali ndi mayeso awo otchedwa CAPM. Buku lalikulu la bungweli, PMBOK Guide, linatuluka mu 1996. Pamene analisindikiza kachisanu ndi chimodzi mu 2017, linafotokoza njira 49 zoyendetsera ntchito, zogawidwa m'magulu asanu: kuyambitsa kuli ndi njira 2, kukonzekera 24, kugwira ntchito 10, kulondola ndi kuwongolera 12, kutseka imodzi. Buku la mu 2021 linasanja nkhani mwa mtundu wina, koma magulu asanuwa anawasindikizanso m'buku lapadera. Tsono wofuna mayeso ayambe wafunsa kuti mayeso a chaka chake akutsata buku liti. Popeza mayesowa sali m'Chichewa, titchula maina a mapepala monga momwe mudzawapezere m'buku.

Lamulo la zolowa ndi zotuluka

Ophunzira ambiri amavutika kuloweza pamtima njira zonse 49, ndipo tsiku la mayeso zimawasokonekera. Gwirani lamulo ili: njira iliyonse ili ndi zolowa, zipangizo ndi zotuluka, ndipo chotuluka m'njira imodzi ndicho cholowa m'njira yotsatira. Chimanga chilowa m'chigayo, utuluka ufa. Ufa womwewo ulowa mumphika, ituluka nsima. Chotero pa pepala lililonse dzifunseni mafunso atatu: labadwira m'gulu liti, walilemba ndani, ndipo likupita kwa yani? Kuti zimveke bwino, tiyerekeze kuti komiti ya sukulu ina ya m'mbali mwa nyanja ifuna kumanga nyumba ya makalasi awiri.

1. Kuyambitsa

Gulu ili limabala mapepala awiri akuluakulu. Loyamba ndi chikalata cha chilolezo, project charter. Chimanena chifukwa cha ntchito, chimene chidzaoneke ikatha, ndalama ndi nthawi mwachidule, ndi dzina la woyendetsa ntchito. Amene amachisayina ndi mwini ndalama, sponsor, pakuti ndiye apatsa woyendetsayo mphamvu yogwiritsa ntchito chuma ndi anthu. Kumbukirani kuti woyendetsa ntchito sadzipatsa yekha chilolezo. Funso limeneli limagwetsa ambiri.

Lachiwiri ndi kaundula wa onse okhudzidwa, stakeholder register. Pa sukulu yathu muli mfumu yopereka malo, makolo otuta mchenga, aphunzitsi, ofesi ya maphunziro ya boma, ndi mwini munda wa pafupi amene ngolo zidzadutsa m'chimanga mwake. Ntchito zazikulu nazonso zimapunthwa pomwepa. Pamene bungwe la Southern Region Water Board linkakulitsa ntchito ya madzi a m'mipope m'midzi ya kugombe, linakonza zomanga thanki pa phiri la Nkhudzi, m'kati mwa Lake Malawi National Park, malo amene UNESCO inawalemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984. Anthu a m'midzi ankafuna madzi abwino, mabungwe oteteza zachilengedwe ankaopera phiri ndi nsomba, ndipo m'zaka za 2021 ndi 2022 mkangano unakula mpaka kufika kubwalo la milandu. Mbali zonse ziwiri zinali ndi mawu oyenera kumveka. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Lembani aliyense m'kaundula khasu lisanagwe pansi.

2. Kukonzekera

Taonani kuti njira 24, pafupifupi theka la zonse, zili m'gulu limeneli. Chotuluka chachikulu ndi dongosolo lonse la ntchito, project management plan, ndipo m'kati mwake muli miyeso itatu yovomerezedwa, yotchedwa baseline: muyeso wa kukula kwa ntchito, wa nthawi, ndi wa ndalama.

Kukula kwa ntchito kumadziwika poiphwanya m'tizigawo. Chombo cha Ilala chinapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland mu 1949. Popeza sichikanatha kudziyendera chokha kuchokera kunyanja yamchere kufika kuno, anachimasula m'zidutswa, nachitumiza kudzera ku Beira, ndipo amisiri atachilumikizanso chinayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951. Chidutswa chimodzi chikanaiwalika, chombo chonse chikanadikira pagombe. Pepala lophwanya ntchito motere ndi work breakdown structure, mwachidule WBS. Lamulo lake ndi lakuti ntchito yonse ikhalemo, ndipo chimene mulibe m'menemo si cha polojekitiyi. Pa sukulu yathu zigawo ndi maziko, makoma, denga, pulasitala, zitseko ndi madesiki. Ngati chimbudzi sichinalembedwe, musadabwe kuti ndalama yake palibe.

Tizigawoti tikadziwika, timatisanja motsatana ndi kuwerenga masiku. Tiyerekeze kuti maziko afuna masiku 10, makoma 20, denga 8, pulasitala ndi pansi 12. Zinayi izi zimadikirana, ndipo pamodzi ndi masiku 50. Mmisiri wa matabwa afuna masiku 15 kukhoma madesiki, ndipo sadikira munthu. Angathe kuchedwa kuyamba ndi masiku 35 osavuta kanthu. Koma omanga makoma akachedwa tsiku limodzi, sukulu yonse yachedwa tsiku limodzi. Mndandanda wautali wa ntchito zodikiranawu ndiwo critical path, nzeru imene inayamba m'mafakitale a ku America m'zaka za m'ma 1950. Woyendetsa wanzeru amaika maso ake pamenepo.

Pepala lina lobadwira muno ndi kaundula wa zoopsa, risk register. Mumalembamo chimene chingagwe, kukula kwake, chochita chikagwa, ndi dzina la wochiyang'anira. Ife a kunyanja sitisowa zolemba. Mvula ya Disembala mpaka Malichi imadula misewu ya kumidzi. Mphepo ya mwera m'miyezi yozizira imaletsa maboti kunyamula katundu. Namondwe Freddy anasakaza chigawo cha kumwera mu Malichi 2023. Ndipo mu 2024 nyanja inakwera nilowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo a m'gombe la Mangochi. Madzi saiwala khwawa. Musanasankhe malo, funsani okalamba pamene madzi anafikapo kale.

Ophunzira azindikire kusiyana uku: dongosolo la ntchito limanena mmene tidzachitire zinthu, ndipo likavomerezedwa silisinthidwa popanda chilolezo. Makaundula, monga wa zoopsa ndi wa okhudzidwa, ndi mapepala othandizira okha; woyendetsa amawonjezeramo nthawi iliyonse.

3. Kugwira ntchito

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimapita. Amisiri alembedwa, mapangano ndi ogulitsa simenti ndi malata asayinidwa, makolo agawana masiku otunga madzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Zotuluka zake ndi izi: zinthu zopangidwa zenizenizo, deliverables, monga khoma loimirira, ziwerengero za tsiku ndi tsiku zimene kapitawo amalemba m'kope, work performance data, buku la mavuto amene agwa kale, issue log, ndi buku la zimene taphunzira, lessons learned register. Musasokoneze choopsa ndi vuto. Choopsa ndi chimene chingadze mawa. Chikafika chasanduka vuto, ndipo chisamukira m'buku la mavuto. Ndiponso buku la zophunzira limatsegulidwa ntchito ili m'kati, pamene zinthu zikali m'mutu. Losiyira tsiku lomaliza limadzala ndi zoyamikirana zokhazokha.

4. Kulondola ndi kuwongolera

Gulu ili silidikira kuti lachitatu lithe. Limayenda pambali pa magulu onse kuyambira pachiyambi, monga wogwira chiwongolero cha boti amene sachotsa dzanja mpaka kukocheza. Ntchito yake ndi kufananiza zimene zachitika ndi miyeso itatu ija.

Taonani mmene chiwerengero chimakulira. Kapitawo alemba kuti matumba 120 a simenti atha ndipo makoma afika pa mawindo. Izi ndi data chabe. Woyendetsa atsegula dongosolo napeza kuti pofika pamenepa anayenera kutha matumba 90. Tsono adziwa kuti apyola ndi matumba 30, ndipo ichi ndi work performance information. Akalemba zonsezi m'kalata yopita kwa komiti ndi kwa mwini ndalama, pamodzi ndi maganizo a chochita, yasanduka work performance report. Choyamba chibadwira m'gulu lachitatu, ziwiri zinazo m'gulu lachinayi.

Kusintha sikulephereka. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo mabajeti olembedwa mwezi wa Okutobala sanakwanenso. Nanga komiti ichite chiyani simenti ikakwera mtengo? Mmisiri asachepetse simenti mumchenga mwakachetechete, ndipo wapampando asalamule pakamwa ali pa njinga. Wofuna kusintha alembe pempho, change request. Woyendetsa ayambe waona mmene kusinthako kukhudzire nthawi, ndalama ndi kulimba kwa nyumba, ndipo apereke pempholo kwa amene anapatsidwa mphamvu yovomereza kapena kukana. Yankho lilembedwe m'buku la zosintha, change log, ngakhale likhale lokana. Pokhapokha pempho litavomerezedwa ndi pamene muyeso usinthidwa. Pa mayeso, yankho lakuti chitani msanga popeza bwana wanena kawirikawiri ndi msampha.

Chinthu chopangidwa chimayesedwa kawiri. Poyamba a m'kati mwa ntchito amachiyesa ngati chili cholungama: khoma lawongoka kodi, denga silikudontha? Chikapambana chitchedwa verified deliverable. Pambuyo pake eni ake, ndiwo komiti ndi mwini ndalama, amadzachiona nasayina kuti achilandira, ndipo chikhala accepted deliverable. Kuyesa kumatsogola, kulandira kumatsatira.

5. Kutseka

Njira ndi imodzi yokha, koma ndiyo imene timaiwala kwambiri, chifukwa magule a tsiku lotsegulira akatha aliyense amabwerera kwawo. Kutseka ndiko kupereka makiyi kwa mphunzitsi wamkulu ndi kalata yosayinidwa, kulipira amisiri onse, kuthetsa mapangano, kulemba lipoti lomaliza, final report, ndi kusunga malisiti ndi buku la zophunzira pamalo pamene komiti ya mawa idzazipeze. Pa mjigo, ndiko kuonetsetsa kuti pali anthu ophunzitsidwa kukonza ndi thumba logulira zitsulo. Ngakhale ntchito imene yalekezeredwa panjira iyenera kutsekedwa mwadongosolo, kuti zidziwike zimene zatsala ndi chifukwa chake.

Mafunso obwereza

1. Kodi chikalata cha chilolezo amasayina ndani, ndipo chimapatsa yani mphamvu?
2. Tchulani miyeso itatu ya m'dongosolo la ntchito.
3. M'chitsanzo chathu, madesiki akachedwa kuyamba ndi masiku 20, sukulu idzatha pa tsiku lachingati? Nanga denga likachedwa ndi masiku 5?
4. Kodi choopsa ndi vuto zimasiyana bwanji, ndipo chilichonse chimalembedwa m'buku liti?
5. Makolo apempha kuti muwonjezere khonde. Fotokozani ulendo wa pempho lawo kuyambira polilemba.
6. Londolani khoma la sukulu kuyambira pomangidwa mpaka poperekedwa, mukutchula gulu lililonse limene ladutsamo.

Akatekisiti ndi alembi a makomiti, werengani phunziroli pa msonkhano wanu, ndipo mutenge ntchito imodzi imene muli nayo m'manja. Onani ngati ili ndi chilolezo cholembedwa, kaundula wa okhudzidwa, mndandanda wa zigawo ndi masiku ake, ndi buku la zosintha. Kope la sukulu ndi cholembera n'zokwanira. Inunso ofuna mayeso, yeserani pa ntchito yomweyo, pakuti pepala limene munalilembapo ndi dzanja lanu silidzakuthawani m'chipinda cha mayeso.