Phunziro: Kutentha Kukukula pa Dziko, Nanga Munda Wanu?

Alimi anzathu, phunziro lino likunena za kutentha koopsa kumene kukukula pa dziko lonse, ndi zimene mlimi ayenera kucita.

Zimene zapimidwa

Bungwe loona za nyengo la World Meteorological Organization linalengeza kuti caka ca 2024 cinatentha koposa zaka zonse zolembedwa. Kutentha kunakwera ndi madigiri pafupifupi 1.5 poyerekeza ndi zaka za 1850 mpaka 1900. Gwero lalikulu ndi mpweya wocokera ku malasha, mafuta ndi nkhalango zotenthedwa, umene umasunga kutentha mumlengalenga.

M'mizinda ikuluikulu vutoli limaposa. Phula, simenti ndi malata zimamwa dzuwa usana ndi kulitulutsa usiku, ndipo mitengo yopereka mthunzi ndi yocepa. Mu July 2022 mzinda wa London unafika madigiri 40 kwa nthawi yoyamba. Mu 2023 mzinda wa Phoenix ku America unakhala masiku 31 otsatizana pa madigiri 43 kapena kuposa. Mu June 2024 anthu oposa 1,300 anamwalira pa ulendo wa Hajj ku Mecca, ambiri cifukwa ca kutentha.

Kuno kwathu

Pa 29 February 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse la Zambia. Cimanga ca pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni cinaonongeka. Madzi atacepa ku Kariba, magetsi anasowa, mabanja ambiri a m'tauni anatembenukira ku makala, ndipo nkhwangwa inagwera mitengo ya kumidzi.

Cimanga cimaopa kutentha makamaka pa nthawi yomasula ngayaye. Kukapitirira madigiri 35, mungu umafooka ndipo ndevu zimauma msanga. Motero cisononkho cimatuluka ndi njere zapatalipatali. Nkhuku nazo zimacepetsa kudya ndi kuikira mazira.

Zoyenera kucita

1. Musatenthe mapesi. Phimbirani nawo nthaka kuti isunge cinyontho.
2. Konzani maenje obzalamo mvula isanagwe, kuti mubzale ndi mvula yoyamba yokwanira.
3. Sankhani mbewu zoca msanga, ndipo gawani munda kuti mukhalenso mapira, cinangwa ndi khobwe.
4. Sungani mitengo ya msangu m'munda. Imayoyola masamba m'dzinja, conco siphimba mbewu, koma imapereka mthunzi m'cilimwe.
5. Ziweto zikhale ndi mthunzi ndi madzi tsiku lonse.
6. Nchito zolemetsa muzigwira m'mamawa ndi madzulo. Munthu akayamba cizungulire kapena kusokonezeka mutu, muikeni pamthunzi, mumthire madzi, ndipo mufulumire naye kucipatala.

Mafunso okambirana

Kodi ndi mbali iti ya munda wanu imene imauma msanga, ndipo cifukwa cake n'ciyani? Pa njira zisanu ndi imodzizi, ndi iti imene mudzayambe nayo nyengo ino?