Mamota Awiri, Risiva Imodzi: Chenjerani ndi Waya Wofiira

Anzanga, ena mwa inu munaonapo pa foni timaboti tothamanga pamadzi mwini wake ali pamtunda ndi rimoti m'manja. Ine nkhani zimenezi zimandisangalatsa heve, ndiye lero ndikufuna tigawane phunziro la mmene amalumikizira boti la mamota awiri. Musati n'za ana a m'tauni zokha ayi. Ndi Physics yomwe ija ya series ndi parallel, kungoti pano ukaphonya umawotcha zipangizo zodula.

Zipangizo zake

Rimoti imatumiza uthenga pa mafunde a wailesi, ndipo zambiri masiku ano zimagwiritsa 2.4 GHz. Risiva ndi kabokosi kakang'ono kokhala m'boti komwe kamalandira uthengawo. Kenako pali ESC, kachipangizo kokhala pakati pa batire ndi mota. Ntchito yake n'kuonjezera kapena kuchepetsa liwiro la mota malinga ndi zomwe risiva yanena. Mamota a brushless amafuna ESC yakeyake, choncho mamota awiri ndiye kuti ma ESC awiri.

ESC iliyonse ili ndi kachingwe ka mawaya atatu kopita ku risiva. Wakuda kapena wabulauni ndi negative. Woyera kapena wa olenji ndi wonyamula uthenga. Wofiira, yemwe amakhala pakati, ndi positive.

Nkhani ili pa wofiirayo

Batire la boti limakhala lamphamvu, monga LiPo ya 7.4 V kapena 11.1 V, pomwe risiva imangofuna 5 V kapena 6 V basi. N'chifukwa chake m'kati mwa ma ESC ambiri muli kagawo kotchedwa BEC. Kameneka kamatsitsa mphamvu ya batire n'kuipereka ku risiva kudzera pa waya wofiira uja.

Tsono taganizani: ma ESC awiri, onse akupatsa risiva imodzi magetsi. Ma BEC awiri satulutsa mphamvu yofanana ndendende. Ina ikatulutsa 5.0 V inzake 5.2 V, zimayamba kulimbana. Ina imatentha, risiva imatha kumangozima n'kuyaka, mwinanso china n'kupseratu. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Choncho lamulo ndi ili: waya wofiira atsale mmodzi yekha.

Kalumikizidwe kake

1. Chotsani mapropela onse musanayambe. Propela imacheka chala ngati lezala.

2. Tengani kachingwe ka ESC imodzi. Ndi singano, tukulani kapulasitiki kogwira waya wofiira, mum'solole, mum'pinde m'mbuyo n'kumukulunga ndi tepi. Musam'dule, tsiku lina mudzam'funa.

3. Wakuda ndi woyera asiyeni momwemo. Wakuda ndi wofunika pa ma ESC onse awiri, chifukwa popanda iye uthenga sumveka bwino.

4. Pezani chingwe cha mphanda chomwe amachitcha Y. Nthambi zake ziwiri zipite ku ma ESC, tsinde lake lilowe pa chanelo cha liwiro. Pa marimoti ambiri a maboti ndi galimoto chimenechi ndi CH2, pomwe CH1 ndi cha chiwongolero.

5. Ngati batire ndi limodzi, ma ESC alumikizidwe mwa parallel: positive ku positive, negative ku negative. Mukasemphanitsa apa, ESC imapsa nthawi yomweyo, utsi tolo.

6. Yatsani rimoti poyamba, boti pambuyo. Pozimitsa yambani ndi boti.

Mamota azungulire bwanji?

Mapropela awiri akamazungulira mbali imodzi, boti limapendekeka n'kumakokera kumodzi. Akatswiri amaika propela yakumanja ndi yakumanzere kuti zizizungulira mosemphana. Kutembenuza mota ya brushless n'kosavuta: ili ndi mawaya atatu, ingosinthanitsani awiri aliwonse. Mukatero, phunzitsani ma ESC onse malire a rimoti potsatira kabuku kake, kuti adziwe mofanana pomwe pali "ima" ndi pomwe pali liwiro lonse. Mukapanda kutero, mota ina imadzuka inzake ikadali mtulo.

Palinso njira ina yosafuna chingwe cha Y. ESC iliyonse imakhala pa chanelo chakechake, ndipo rimoti imasakaniza uthenga. Mota yakumanja ikathamanga kwambiri boti limakhotera kumanzere, monga mmene bwato limachitira wopalasa akalimbikira mbali imodzi. Njira imeneyi imafuna rimoti yotha kusakaniza, komabe lamulo la waya wofiira silisintha.

Musanapite kudamu

Yesani zonse pamtunda kaye. Zimitsani rimoti dala muone ngati mamota aima okha. Akapitiriza kulira, konzani failsafe, apo ayi boti lidzathawa osabwerera. Risiva muikulunge kuti isanyowe, ndipo kamlongoti kake kakhale pamwamba, poti mafunde a 2.4 GHz sadutsa bwino m'madzi. Boti likazima pakati pa damu, chonde musalisambirire. Likodzo ndi kumira n'zodula kuposa chidole. Dikirani mphepo ilikankhire kumtunda.

Funso langa kwa inu nali: bwanji ma ESC onse awiri titawachotsa waya wofiira, risiva ingayake? Lembani yankho ndi chifukwa chake pa kapepala, mukamate m'munsimu.