Muvi Ukamanama: Kufufuza Vuto la Geji ya Kutentha kwa Injini pa Galimoto Yakale

Mawu oyamba

Malume anga ali ndi galimoto yamtundu wa Land Rover Series III yomwe amanyamulira mbatatesi kuchokera ku Tsangano kukagulitsa pa Ntcheu. Galimoto zamtunduwu zinkapangidwa ku Solihull m'dziko la England kuyambira mu 1971 mpaka mu 1985. Pa tchuthi chapitachi injini ya galimotoyi idatsala pang'ono kuphwasulidwa popanda chifukwa, kaamba ka muvi wa geji yoonetsa kutentha kwa injini. M'nkhani ino ndifotokoza momwe gejiyi imagwirira ntchito komanso njira zomwe tidatsata pofufuza vutolo. Mfundo yanga ndi yakuti tisanaweruze injini, tiyambe tafufuza ngati mboni yomwe ikuineneza ikunena zoona.

Momwe vuto lidayambira

Pa gejiyi pali zilembo zitatu: C kusonyeza kuzizira, N kusonyeza kutentha koyenera, ndi H kusonyeza kutentha kopitirira. Kwa zaka zambiri muvi unkakhala pa N, koma mwadzidzidzi udayamba kuthamangira ku H galimoto ikangoyenda pang'ono. Malume ankaima m'mbali mwa msewu n'kumadikira, mbatatesi zikufota ndi dzuwa. Makaniko wina adachotsa thermostat, koma muvi sudatsike kwenikweni. Kenaka adati gasiketi ya hedi yapsa ndipo injini iyenera kutsegulidwa. Ndalama zomwe adatchula zidali zomwe malume adasungira feteleza.

Chomwe chidandikayikitsa n'chakuti madzi a mu rediyeta sankatha, nthunzi sinkatuluka, ndipo oilo adali woyera bwino wopanda chithovu. Komanso sabata yomweyo petulo adatithera panjira geji ya mafuta ikuonetsa kuti alipo.

"Malume, tadikirani kaye masiku awiri musanapereke ndalamazo," ndidawapempha.

"Mphwanga, sukulu yako ndi ya ziyankhulo. Za injini wazidziwira kuti?" adandiseka. Komabe adandipatsa makiyi ndi buku lakale lofotokoza kakonzedwe ka galimotoyi lomwe lidali pansi pa mpando.

Momwe geji imagwirira ntchito

Geji siiona injini. Imangolandira uthenga wodzera m'zipangizo zingapo, ndipo chimodzi chikalakwa uthenga wonse umapotoka.

Choyamba ndi sensa, kachipangizo komangidwa pa hedi ya injini pafupi ndi thermostat, komwe nsonga yake imakhala m'madzi. Madzi akamatentha, sensayi imalola magetsi ambiri kudutsa. Akazizira imalola ochepa. Chachiwiri ndi waya wochokera ku sensa kupita ku geji. Chachitatu ndi geji yeniyeniyo. M'kati mwake muli kachitsulo kopangidwa pophatikiza zitsulo ziwiri zosiyana, kozengedwa ndi kawaya. Magetsi akamadutsa, kachitsuloka kamatentha n'kupindika, ndipo kupindikako ndi komwe kumakankha muvi. N'chifukwa chake muvi wa geji zakalezi umayenda pang'onopang'ono ngati bilimankhwe.

Chachinayi, chomwe ambiri amachiiwala, ndi voltage stabiliser, kabokosi kakang'ono ka kuseri kwa dashibodi. Batire la galimoto limapereka mavolti 12, ndipo injini ikamalira mphamvuyo imafika pafupifupi 14. Kabokosika kamadula ndi kulumikiza magetsi mobwerezabwereza kuti geji zizilandira pafupifupi mavolti 10 nthawi zonse. Kamatumikira geji ziwiri: ya kutentha ndi ya mafuta. Pomaliza, magetsi onsewa amabwerera ku batire kudzera m'chitsulo cha galimoto, njira yomwe amakaniko amaitcha earth. Dzimbiri likalowa pamenepa, zonse zimasokonekera.

Njira yoyamba: yezani injini ndi chipangizo china

Tidabwereka thermometer yoyezera patali, yomwe umangoloza pa chitsulo. Tidayendetsa galimoto mpaka muvi utafika pa H, kenaka tidayeza pa chitsulo chomwe mumakhala thermostat. Kutentha sikudafike n'komwe madigiri 80. Injini yamtunduwu imaikidwa thermostat yotseguka pa madigiri 74 kapena 82, choncho injini ya malume sidali pangozi iliyonse. Apa tidatsimikiza kuti wolakwa ndi mboni.

Chenjezo ndi lakuti musatsegule chivundikiro cha rediyeta injini ili yotentha, chifukwa madzi owira amathovokera kumaso. Onani madziwo m'mawa injini isanalizidwe. Dziwaninso kuti madzi akachepa kwambiri, nsonga ya sensa imatha kukhala pouma ndipo muvi umatha kuonetsa kuzizira pamene injini ikupsa. Bodza limeneli ndiye loopsa kuposa lomwe lidatigwera ife.

Njira yachiwiri: yesani waya ndi geji

Tidazula waya wa pa sensa, womwe pa galimoto zakale za ku Britain umakhala wobiriwira wokhala ndi mzere wabuluu, n'kuyatsa kiyi. Muvi udakhala pansi pa C monga momwe uyenera kukhalira. Ukadakwera, bwenzi titadziwa kuti wayayo wasupuka penapake ndipo akukhudza chitsulo. Kenaka ndidakhudzitsa wayayo pa chitsulo cha injini malume akuyang'ana geji, ndipo muvi udakwera kulunjika ku H. Izi zidasonyeza kuti waya sadaduke ndipo geji ndi yamoyo. Kuyesaku kumafunika kwa masekondi ochepa chabe, kuopa kuotcha geji.

Njira yachitatu: yesani sensa

Injini itazizira tidamasula sensa, n'kumiza nsonga yake m'madzi a mumphika pa mbaula, titailumikiza ku multimeter. Madzi akamatentha, nambala ya ma ohm imayenera kutsika mwandondomeko, osadumphadumpha. Ya malume idachita chimodzimodzi. Pogula sensa yatsopano, kumbukirani kuti geji iliyonse ili ndi sensa yakeyake; ina imatha kulowa bwino pabowo koma n'kumapereka uthenga wolakwika. Musakulungenso tepi yambiri ya mapaipi pa mazinga ake, popeza magetsi amabwerera kudzera pomwepo.

Njira yachinayi: yesani voltage stabiliser

Apa ndi pomwe nkhani ya petulo ija idatithandiza. Sensa ya kutentha ndi ya mu thanki sizidziwana, ndiye zikadanama bwanji tsiku limodzi, zonse mokweza? Mboni ziwiri zikanena bodza lofanana, funsani amene wazituma. Tidatsegula dashibodi n'kulumikiza kababu koyesera pa waya wotuluka mu kabokosi kaja. Kabokosi kabwino kamachititsa babu kuphethira, koma lathu lidangoyaka osaphethira. Tidaonanso kuti malume akaponda mafuta, mivi yonse iwiri imakwera pang'onopang'ono. Geji zinkalandira mphamvu yonse ya batire m'malo mwa mavolti 10.

Titamasula kabokosiko tidapeza kuti sikuluwu yake idakhwepa ndi mabampu, ndipo pomwe kamakhudzana ndi chitsulo padachita dzimbiri. Popanda earth, kabokosika sikadula magetsi. Tidapala dzimbirilo ndi sandipepa n'kumanga mwamphamvu. Titayatsa kiyi, babu lidayamba kuphethira. Kukadapanda kutero, tikadagula kena, ndipo masiku ano kulinso tamakono topanda zitsulo zoyenda m'kati.

Tidabwezeretsanso thermostat ija. Anthu ambiri amaichotsa poganiza kuti dziko lathu ndi lotentha, koma injini yopanda thermostat imachedwa kufika pa kutentha koyenera, imamwa mafuta ambiri ndipo imatha msanga, makamaka m'mawa wa mwezi wa June kumapiri ozizira ngati a ku Tsangano.

Tsiku lotsatira tidakweza matumba a mbatatesi n'kuuyamba ulendo. Muvi udakwera kufika pa N n'kukhazikika pomwepo mpaka pa Ntcheu. Malume adangoti, "Mphwanga, kuona maso a nkhono n'kudekha," ndipo pobwerera tidadzera kogula feteleza.

Mawu otsiriza

Ndondomeko yomwe ndafotokozayi ndi yoyambira pa chinthu chosavuta: onani madzi, yezani injini ndi chipangizo china, kenaka yesani waya, geji, sensa ndi voltage stabiliser chimodzichimodzi. Musasinthe zinthu ziwiri nthawi imodzi, chifukwa simudzadziwa chomwe chidali cholakwa. Galimoto zina zakale zilibe kabokosika, ndipo zina geji yake imayendera kapaipi kopyapyala m'malo mwa waya, choncho yambani mwadziwa mtundu wa geji yanu.

Sindikunena kuti muvi ukafika pa H tiziunyozera. Ukakwera muli paulendo, imani ndi kuzimitsa injini, pakuti nthawi zambiri umanena zoona. Koma mukafika pakhomo, fufuzani musanapereke ndalama. Geji yomwe yanama kamodzi ikasiyidwa osakonzedwa, dalaivala amazolowera kuinyalanyaza, ndipo tsiku lomwe injini idzatenthedi sadzaikhulupirira.