Mizu Nayo Imapuma: Kulima Ndiwo m'Ndowa Zodzithirira Zokha

Ena mwa madzi amene anthu a ku Lusaka amamwa amachokera kuno ku Kafue, pa Iolanda, n'kuyenda m'mapaipi mtunda wopitirira makilomita 40. Koma mtsinje kukhala pakhomo, madzi othirira ndiwo amatisowabe. M'chaka cha 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba ndi ku Itezhi-Tezhi, magetsi ankazima maola ambirimbiri, mapampu nawo n'kuima. Amene ali ndi kamalo kochepa ku Shikoswe, Soloboni, Zambia Compound kapena Kafue Estates angapindule ndi ndowa yodzithirira yokha: madzi amakhala pansi, dothi pamwamba, ndipo dothilo limakoka chinyezi pang'onopang'ono monga chingwe cha koloboyi chikokera parafini. Simuthirira tsiku lililonse, ndipo madzi satayika.

Vuto la ndowa zoterezi ndi limodzi, ndipo ndi limene landilembetsa. Mbewu zambiri zimafera m'menemo chifukwa chosowa mpweya, madzi ali tho. Muzu ndi chinthu chamoyo, umapuma usana ndi usiku. Okosijeni umaupeza m'timipata ta pakati pa dothi. Timipatato tikadzaza madzi, mpweya umalowa movutikira kwambiri, pakuti okosijeni amayenda m'madzi mochedwa kuwirikiza ka 10,000 poyerekeza ndi mmene amayendera mumlengalenga. Muzu wobanika umaleka kuyamwa, tomato n'kuyamba kufota. Mwini wake poona masamba ali lende amathamangira kuwonjezera madzi, ndiye kumalizitsa mbewuyo kumeneko.

Pezani ndowa ziwiri za malita 20 zimene imodzi ingalowe mwa inzake. Zikhale zomwe munali mafuta ophikira kapena chakudya china. Za penti ndi za mankhwala zisiyeni, zingatchipe bwanji. Ya kunja ndiyo nkhokwe ya madzi, ya mkati ndiyo munda. Pakati pa tsinde la ndowa yamkati dulani bowo lokwana kapu yapulasitiki, la masentimita 7 kapena 8. Kapuyo iboolenibooleni m'mbali ndi msomali wotentha, muilowetse pabowopo kuti ilendewere pansi. Mbali yotsala ya tsindelo booleni timabowo 20 kapena 30, tokula ngati msomali waukulu. Timabowoti musatiderere, ndi pomwe mpweya udzalowere kumizu kuchokera pansi. Dulaninso bowo lina kumphepete lolowetsapo paipi yothirira, ndipo nsonga yapansi ya paipiyo muidule mopendeka kuti isatsekeke ikagunda pansi.

Ndowa zikalowana kwambiri, ikani zidutswa za njerwa pansi kuti chipinda cha madzi chikhale chotalika masentimita 10. Tsopano bowo lofunika kuposa onse: pakhoma la ndowa yakunja, masentimita 3 kutsika kuchokera pamene pathera tsinde la ndowa yamkati, boolani bowo lolowa chala. Mukamathira m'paipi, madzi akafika pamenepo amatuluka okha. Motero pakati pa madzi ndi dothi pamatsala mpata wa mpweya nthawi zonse, ndipo chimene chimakhudza madzi ndi kapu yokha. Nkhokwe yotere imasunga malita pafupifupi 4. Alipo ena amene amamva chisoni poona madzi akudontha, n'kutseka bowolo ndi chitsononkho. Chonde musatero. Ikani kambale pansi pake, madzi odonthawo muthirire nawo china.

Kapunso isakule. Ena amaika chitini chachikulu poganiza kuti mbewu imwa bwino, koma chitini chachikulu chimakweza madzi ochuluka kuposa amene masamba angagwiritse ntchito, dothi lonse n'kukhala chithaphwi.

Nkhani ya dothi ndi pamene anthu a kuno tiyenera kusamala koposa. Kuzigwa za Kafue Flats kuli makande, dothi lakuda lija limene limang'aluka m'chilimwe n'kumata kumapazi m'dzinja. Kumunda lili ndi ntchito yake, nzimbe za ku Nakambala zimakula kudera lomweli, koma m'ndowa limatseka mpweya wonse. Ngakhale dothi labwino la pakhomo, likakhala lokha limatsendereka pakangopita milungu yochepa. Ine ndimasakaniza motere: magawo awiri a manyowa owola bwino, gawo limodzi la dothi lapamwamba, ndi gawo limodzi la zinthu zokhakhala. Zokhakhalazo n'zosasowa. Tizidutswa ta makala totsalira pansi pa thumba, tokula ngati njere ya chimanga kapena mtedza, n'tabwino zedi chifukwa sitiwola ndipo tili ndi timabowo tambiri. Tisefeni kuti fumbi lichoke, mutiviike masiku angapo m'madzi a manyowa musanasakanize, popeza makala ouma amayamba ayamwa chakudya cha mbewu. Makoko a mtedza ophwanya ndi mankhusu a mpunga amathandizanso. Mukaika mchenga, ukhale wokhakhala. Wosalala ukakumana ndi makande zimauma gwa.

Yesani ndi dzanja. Nyowetsani dothilo, mufinye chibakera. Likatuluka madontho awiri atatu, ndipo mukaligunda ndi chala n'kuphwasuka, lili bwino. Likakhala chibuma chonyezimira chokhala ndi zidindo za zala zanu, onjezerani makala. Podzaza, tsenderani la m'kapu lokha kuti likoke madzi bwino. Lina lonselo ingothirani, mugwedeze ndowa, osalipondereza. Mukadzala, mlungu woyamba thirirani pamwamba kufikira mbande zitagwira, kenako muzithira m'paipi basi.

Ndowa imodzi ikwana tomato mmodzi, impwa imodzi, kapena repu mitengo iwiri kapena itatu. Mukachulukitsa, mizu imadzaza timipata tonse.

Mbewu ikabanika imaonetsa. Masamba am'munsi amachita chikasu, imafota ngakhale m'mawa dothi lili lonyowa, ndipo mukanunkhiza pabowo lotulukira madzi pamamveka fungo la dzira lowola. Tukulani ndowa yamkati muone mizu imene yatulukira pansi. Yathanzi ndi yoyera, yolimba. Yodwala ndi yofiirira, yoterera, ndipo khungu lake limavuka mukaikoka. Zikatero khuthulani madzi onse, dulani mizu yowolayo, musiye nkhokwe youma masiku awiri kapena atatu. Tengani kamtengo kosongoka mubaye dothi m'mphepete mwa ndowa mpaka pansi, malo asanu kapena asanu ndi limodzi, kutali ndi tsinde la mbewu. Ngakhale mbewu ili bwino, ndi nzeru kulola nkhokwe kuuma tsiku limodzi musanadzazenso, makamaka mu Juni ndi Julayi pamene mbewu zimamwa pang'ono.

Mu Okutobala mdani ndi dzuwa. Madzi otentha amasunga okosijeni wochepa, ndipo ndowa yakuda yoikidwa pasimenti imawotcha mizu. Ikulungeni ndi saka, muiike pa thabwa, pamwamba pa dothi muyale udzu wouma. Mvula ikayamba mu Novembala, sunthirani ndowa pakhonde pomwe dzuwa limafikabe, ndipo muziona kuti bowo silinatsekeke ndi ndere kapena mizu. Kamodzi pamwezi thirani madzi ambiri pamwamba mpaka atuluke pabowo, kuti mchere wa feteleza umene umayera pamwamba pa dothi utsukike. Feteleza wa m'thumba musamuthire munkhokwe. Kumbani kangalande kumphepete mwa dothi mumukwirire pang'ono.

Kafue ndi dera la malungo, ndipo madzi odikha m'ndowa ndi malo amene udzudzu umaikira mazira. Dulani kachidutswa ka neti yakale mumate pabowo lotulukira madzi, kena mumange ndi mphira kukamwa kwa paipi. Neti imaletsa udzudzu koma imalola mpweya kudutsa, choncho musaike chitsekerero kapena pulasitiki m'malo mwake. Chitani zimenezi tsiku lomwe mwadzala, ndipo muwauzenso anzanu oyandikana nawo amene ali ndi ndowa zotere.