Kodi msewu wa ku Mulunguzi ngwayani?

Msewu umene umadutsa pakhomo panga, mwini wake ndani?

Ndi dziko la Malawi. Gawo 207 la malamulo aakulu a dziko lino limaika nthaka yonse m'manja mwa dziko, ndipo msewu wa anthu onse uli pa malo a boma. Si wa mfumu, si wa phungu, ngakhalenso wa mwini puloti amene anathirapo dothi ndi ndalama zake. Chimene chimasiyana ndi woyang'anira.

Oyang'anirawo ndi ati?

Msewu wa M3, wochokera ku Blantyre kudzera m'tauni ya Zomba kulowera ku Liwonde, uli pansi pa bungwe la Roads Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2006. Misewu yolowa m'makwalala a Mulunguzi ili pansi pa khonsolo ya mzinda wa Zomba, potsata lamulo la maboma aang'ono la 1998. Mukatuluka malire a mzinda, timisewu ta m'midzi timakhala m'manja mwa khonsolo ya boma la Zomba, kwa DC.

Nanga pamwamba pa phiri la Zomba?

Kumeneko n'kunkhalango yotetezedwa. Misewu yafumbi yopita ku Chingwe's Hole ndi ku Emperor's View imadutsa m'dera la nthambi ya zankhalango. Damu la Mulunguzi limayendetsedwa ndi Southern Region Water Board, koma kukhala ndi damu sikupatsa bungweli umwini wa msewu wokwera ku Ku Chawe.

Ndalama zokonzera zimachokera kuti?

Mukathira petulo kapena dizilo, kagawo ka mtengowo kamapita ku Roads Fund Administration, bungwe linanso la 2006. Zipata zolipiritsa za pa Chingeni ndi pa Kalinyeke, pa M1, zimasonkhera m'thumba lomwelo. Khonsolo nayo imatolera msonkho wa nyumba ndi mapuloti. Choncho wa kabaza wa njinga yamoto amene amazemba maenje tsiku ndi tsiku analipira kale gawo lake, ndipo ali ndi ufulu wonse wofunsa kumene ndalamazo zapita.

Msewu umathera pamene pathera phula?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amapsera. Pa msewu waukulu ngati M3, malo a msewu ndi mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati; pa misewu yaing'ono ndi ocheperapo. Malowo amasungidwira ngalande, mapaipi a madzi, mapolo a magetsi, anthu oyenda pansi ndiponso kukulitsa msewu m'tsogolo. Kwathu kuno, m'tsinde mwa phiri, ngalande si nkhani yocheza. Mvula ikagwa, madzi amatsika mwaukali, atakokolola miyala ndi masamba a paini. Munthu mmodzi akaunjika mchenga ndi njerwa m'ngalande, kapena akamanga mpanda wotseka kalavati, madzi aja amakwera pamsewu, kudya phula m'mphepete, kenako kulowa m'nyumba ya mnzake wa kumunsi amene sanalakwe kanthu. Zimenezi zimandipweteka mtima chifukwa n'zopeweka.

Amfumu anandigawira malo m'mbali mwa msewu, ndinamanga okala. Ndidzalandira chipukutamisozi akadzagumula?

Musadalire zimenezo. Amfumu sangagawe malo amene si awo. Chipukutamisozi chimayenera munthu amene msewu wamupeza pa malo ake ovomerezeka, osati amene walowerera msewu umene unalipo kale.

Anyamata okwirira maenje pamsewu angatilipiritse?

Kuwapatsa kangachepe mwa kufuna kwanu n'kwabwino, koma alibe mphamvu yotchinga msewu ndi chingwe kapena miyala.

Nanga pa maliro?

Masamba oika pamsewu ndi mwambo wolemekezeka, ndipo woyendetsa galimoto achepetse liwiro. Koma kutsekeratu njira ndi tenti kumafuna kuti mudziwitse khonsolo ndi apolisi, kuti ambulansi yopita ku chipatala chachikulu cha Zomba idziwe kodzera.

Ndikadandaule kuti msewu ukawonongeka?

Yambani ndi khansala wa dera lanu, kenako lembani kalata ku ofesi ya zomangamanga kukhonsolo, mutchule malo enieni ndi tsiku, ndipo musunge kope. Likakhala vuto la pa M3, kalatayo ipite ku Roads Authority.